Zolemba za ntchito: kukhazikitsa synthetic full pa nkhokwe yathu ya deta ku Kasungu

Lolemba, 6 Meyi 2024

Ndikulemba izi kuti amene adzagwire makinawa ine kulibe asadzavutike kufufuza chifukwa chimene tinakonzera zinthu momwe zililimu. Bungwe lathu limagula soya, mtedza ndi chimanga kwa alimi, ndipo lili ndi madepoti ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya. Chilichonse chimene alembi a pa sikelo alowetsa m'kompyuta, kaya ndi dzina la mlimi, kulemera kwa thumba kapena ndalama zimene walandira, chimabwera pa maseva a pano pa boma. Makina enieni ndi awiri, onse a VMware ESXi, ndipo m'kati mwake mukuyenda maseva 7. Deta yonse pamodzi ndi 3.8 TB.

Chatikakamiza kusintha ndi bakapu ya Loweruka, kope la deta limene timasunga kuti tidzabwezeretse zinthu zikawonongeka. Ikakwana 8 koloko usiku, Veeam, pulogalamu yathu ya bakapu, imayamba kuwerenga deta yonse kuchokera ku maseva, palibe chotsala, imene amati active full. Netiweki ya m'chipinda cha maseva ndi ya 1 gigabit, ndiye ntchitoyi imadya maola 11 zinthu zikayenda bwino. Nthawi yadzinja palibe amene amadandaula. Koma nyengo ino alimi amakhala pa mzere ndi ngolo zawo mpaka mdima, alembi amatseka mabuku cha m'ma 9 koloko, maseva atayamba kale kulemedwa. Loweruka lapitali mlembi wa ku Chamama anandiimbira kuti lisiti limodzi likutenga mphindi zitatu kuti lituluke, pomwe anthu ali panja kudikira ndalama zawo, ena kwawo n'kutali.

Njira imene tasankha ndi synthetic full. Masiku wamba Veeam imatenga zokhazo zimene zasintha, incremental, ndipo VMware ndi imene imailozera zidutswa zosinthazo kudzera mu Changed Block Tracking. Kwa ife zimakhala pakati pa 60 ndi 90 GB, ntchito ya mphindi 25. Pa tsiku la synthetic full imayambanso ndi incremental ngati masiku onse, kenaka imawaleka maseva, n'kumanga full yatsopano kuchokera pa full yakale ndi ma incremental amene ali kale m'nkhokwe. Maseva amangomva mphindi 25 zokhazo basi. Nkhokwe yake ndi Dell PowerProtect DD, ambiri timangoti Data Domain, imene inafika mwezi watha.

Lachitatu, 8 Meyi

Amayi oyang'anira za chuma anandiitana m'mawa. Anali ndi pepala la mtengo wa makinawo pa tebulo, ndipo funso lawo linali lomveka: "Achimwene, mukuti deta yathu ndi pafupifupi 4 TB, ndipo mukufuna muzisunga makope a masabata ambiri. Zikwanamo bwanji m'bokosi limodzili?"

Ndinawakumbutsa za bolodi la kutchalitchi. Wolemba nyimbo za tsikulo salemba mawu onse a nyimbo pa bolodi, amangolemba manambala, chifukwa mawuwo ali kale m'buku. Nyimbo imodzi ikaimbidwa masabata khumi, bukulo silinenepa. Data Domain imachita chimodzimodzi. Imaduladula deta m'tizidutswa tating'ono, ta pafupifupi 8 KB, kalikonse n'kukapatsa chizindikiro chake. Kachidutswa kakabwera koti kalimo kale, imangolemba kuti kali pakuti, osakasunganso kachiwiri. Ndiyo deduplication. Full ya sabata ino ndi ya sabata yatha zimafanana pafupifupi monsemo, choncho yachiwiriyo imadya malo ochepa kwambiri. Amayi anagwedeza mutu, koma anawonjezera kuti: "Ndiye buku la nyimbolo likanyowa, manambala a pa bolodi alibenso ntchito." Ananena zoona, ndipo mawu amenewa ndawasunga.

Masana ndinatsegula share ya CIFS pa Data Domain, ndinaiwonjezera mu Veeam ngati foda wamba ya pa netiweki, n'kulozera job yathu, ntchito ya bakapu imene tinaikonza mu Veeam, kumeneko. Synthetic full ndaiika Loweruka. Active full yoyamba iyenda usiku uno kuyambira 10 koloko.

Lolemba, 13 Meyi

Sizinayende. Incremental ya Loweruka inatha msanga monga tinkayembekezera, ndipo alembi sanamve kulemera kulikonse. Koma kumanga full kunayamba Loweruka usiku, Lamlungu lonse kuli m'kati, n'kudzatha lero m'bandakucha. Maola 31. Choipitsitsa n'chakuti job imodzi siyamba kachiwiri isanathe, ndiye incremental ya Lamlungu usiku sinayende pa nthawi yake. Malipiro onse amene a ku akaunti anakonza Lamlungu anagona opanda bakapu.

Ndinaimbira mnzanga wa ku Lilongwe amene wagwira makina oterewa kwa zaka zingapo. Sanalole n'komwe kuti ndimalize kufotokoza. "Achimwene, mwailumikiza bwanji? Pa CIFS kapena pa DD Boost?" Nditamuyankha anati vuto ndi lomwelo.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndichilembe bwinobwino. Ukalumikiza Data Domain ngati foda wamba, Veeam sidziwa kuti ikulankhula ndi makina a deduplication. Kuti imange full, imawerenga fayilo yonse ya full yakale, VBK, ndi mafayilo a incremental, VIB, n'kulemba VBK yatsopano. Tsono fayilo ya pa Data Domain sikhala pamodzi ngati ya pa disiki wamba. Kuti iwerengedwe, makinawo ayenera kutolera tizidutswa tonse kumene tinabalalikira n'kutilumikiza, amati rehydration. Deta yonse ya 3.8 TB inatuluka m'bokosimo, inadutsa pa waya kupita ku seva ya Veeam, inabwereranso pa waya womwewo, n'kukaduladulidwanso, kuti pamapeto makinawo apeze kuti zonsezo anali nazo kale. Zili ngati kutulutsa matumba onse m'depoti, kuwazungulitsa pa msewu, n'kuwabwezera pomwe anali. Ndi DD Boost, njira yapadera yolumikizira Data Domain ndi mapulogalamu a bakapu, Veeam imangouza Data Domain kuti fayilo yatsopano ipangidwe ndi zidutswa zakutizakuti, ndipo makinawo amangolemba manambala aja m'kati mwake, deta osasuntha.

Ndinapezanso china nditalowa pa SSH n'kulemba filesys show compression. Deta inangochepa pang'ono chabe, osafika ngakhale kawiri. Job yathu inali ndi compression komanso encryption kuyambira kale, pamene tinkalemba pa disiki wamba. Deta ikapanikizidwa, makamaka ikabisidwa ndi kiyi isanafike ku Data Domain, zidutswa zofanana zimaoneka zosiyana, ndiye makinawo amasunga chilichonse ngati chatsopano.

Lachiwiri, 14 Meyi

Lero ndi tchuthi cha Kamuzu, madepoti onse ndi otseka, ndiye ndinapezerapo mpata. Ndinafika 7 koloko n'kupeza Data Domain ili kale pa ntchito yake yoyeretsa, imene imayamba yokha Lachiwiri lililonse 6 koloko m'mawa ngati sunasinthe.

Ndinapanga dzina lolowera la DD Boost ndi storage unit yatsopano, malo ake osungiramo pa Data Domain. Mu Veeam ndinawonjezera repository ina, kutanthauza malo olemberako bakapu, ulendo uno posankha gulu la makina a deduplication, Dell Data Domain. Ndinaonetsetsa zinthu izi ndi maso anga: kuti Veeam izimasula deta yopanikizidwa isanaisunge, kuti seva iliyonse izikhala ndi mafayilo akeake a bakapu, ndiponso kuti kukula kwa block mu job kukhale 4 MB. Encryption ya mu job ndaichotsa. Sikuti deta ya alimi ikhale poyera ayi. Data Domain ili ndi encryption yakeyake imene imabisa deta itatha kale kuduladula, ndipo ndalembera abwana kuti tiyatse imeneyo. Gateway, seva imene imalankhula ndi Data Domain, ndasankha yomweyo imene ili proxy, yowerenga deta ku maseva, kuti deta isamayende maulendo awiri. Ubwino wina wa DD Boost ndi woti kuyerekeza zidutswa kumayambira pa gateway pomwepo, pa waya pamadutsa zatsopano zokha.

Active full yatsopano ndinaiyambitsa 9 koloko m'mawa, inatha 4 koloko madzulo. Maola 7. Mafayilo akale a pa CIFS sindinawakhudze, akhala pomwepo mpaka unyolo watsopanowu, full ndi ma incremental ake, utaonetsa kuti ndi wodalirika.

Lamlungu, 19 Meyi

Ndinadzuka usiku kuyang'ana imelo pa foni. Job inayamba 10 koloko, incremental inatenga mphindi 28, kumanga full kunatenga ola limodzi ndi mphindi 50. Pofika 12:20 zonse zinali zitatha, maseva onse 7 ali obiriwira. Pa netiweki panalibe chilichonse chooneka pa nthawi yomangayo. Mlembi wa ku Chamama sanaimbe.

Chimodzi chimene chingasokoneze munthu watsopano: m'foda mulibe fayilo ya VIB ya Loweruka. Sinasowe. Veeam ikamaliza kumanga full imafufuta incremental ya tsikulo, poti zonse zalowa kale mu VBK yatsopano.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndafufuta mabakapu akale a pa CIFS. Nditayang'ana filesys show space, malo ogwiritsidwa ntchito sanatsike ngakhale pang'ono. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ife anaganiza kuti kufufutako kwakanika, anafuna tibwereze. Ndinamusonyeza mzere wa Cleanable GiB, pamene panali nambala yaikulu ndithu. Pa makinawa kufufuta fayilo kumangochotsa manambala a pa bolodi. Tizidutswa timatsalira mpaka ntchito yoyeretsa ya Lachiwiri idutse, ione timene palibenso fayilo ikutilozera, n'kutichotsa. N'zotheka kuiyambitsa pamanja ndi filesys clean start, koma malo tili nawo okwanira, ndipo kuyeretsa kumalemetsa madisiki. Tidikira pa 28.

Ndinamufotokozeranso za retention, nthawi imene mabakapu amasungidwa, chifukwa nayonso imadabwitsa. Tinaika masiku 14, koma m'nkhokwe mudzakhala mabakapu ofika pafupifupi masabata atatu. Incremental ilibe ntchito popanda full yake, ndiye Veeam singachotse full ya sabata yakale pamene incremental ina ya sabata imeneyo ikadali m'kati mwa masiku 14. Imadikira kuti unyolo wonse ukalambe, n'kuuchotsa nthawi imodzi. Powerengera malo, munthu aziwerengera masabata atatu.

Lachisanu, 24 Meyi

Seva ya SQL Server yokha ikumatenga pafupifupi theka la incremental ya tsiku lililonse, ndipo deta yake sikuchepa bwino pa Data Domain. Ndinalowamo kukafufuza. Ndinapeza kuti munthu wina kalekale anaika ntchito yoti usiku uliwonse database izikopedwa, n'kupanikizidwa mu zip ya 31 GB pa drive D. Anachita bwino pa nthawi yakeyo, poti panalibe bakapu ina. Koma zip ya lero ndi ya dzulo sizifanana m'kati ngakhale database itasintha pang'ono, ndiye tsiku lililonse timasunga 31 GB ngati zatsopano. Ndinaonetsetsa kaye kuti application-aware processing ikuyenda pa seva imeneyi, kutanthauza kuti Veeam imaiuza database kudzera mu VSS kuti ikhazikike isanajambulidwe. Kenaka ndinasamutsira ma zip aja pa disiki ina imene siili mu job. Sindinawathetse. A kampani imene imatisamalira pulogalamu ya akaunti amawagwiritsa ntchito.

Lamlungu, 26 Meyi

Magetsi anathima dzulo cha m'ma 11 koloko usiku, kumanga full kuli pakati. UPS yathu, mabatire ogwirizira magetsi akathima, imanyamula chipinda chonse kwa mphindi pafupifupi 12, ndipo jenereta siyaka yokha. Foni itandichenjeza ndinaimbira alonda. "Bambo, pepani ndakuvutitsani usiku, kayatseni jenereta msanga." Anandiyankha kuti ali kale pa chitseko chake ndi tochi, anaona mababu a panja atazima. Ndinamva pa foni pomwepo ikulira. Panadutsa mphindi zisanu ndi imodzi. Full inatha bwinobwino.

Zikanakhala kuti alondawo anali kuseri kwa depoti, maseva ndi Data Domain zikanazima mwadzidzidzi. Unyolo wakale ukanatsala, poti Veeam siufufuta full yatsopano isanathe, koma makina odzaza madisiki chonchi safuna kuzimitsidwa mwa njira imeneyo. Ndalemba pempho la mabatire atsopano a UPS ndi chosinthira chimene chimayatsa jenereta chokha. Pakadali pano ndamata pepala pa khoma la alonda lokhala ndi masiku ndi maola amene bakapu imayenda.

Lachinayi, 30 Meyi

Kuyeretsa kwa Lachiwiri kunabweza malo onse aja. Tsopano m'nkhokwe muli ma full atatu ndi ma incremental ake, ndipo zonsezo zikudya malo osafika pa full imodzi.

Lero linali tsiku loyesa kubwezeretsa, ndipo kwa ine ndi limene ntchito yonseyi inkadikira. Mtima wanga sunali m'malo pa nkhani imodzi. Active full imachokera ku seva yeniyeni. Synthetic full sichokera kumeneko, imabadwa kuchokera ku mafayilo amene tinasunga kale. Ngati kachidutswa kena kanalowa kolakwika pa 14 Meyi, kapena Changed Block Tracking inaphonya malo ena tsiku lina, full ya pa 18 inatengera cholakwacho, ya pa 25 inatengera kwa ya pa 18, ndipo zidzapitirira choncho, imelo ikubwera yobiriwira sabata ndi sabata. Ma full atatu amene ndikuwaona m'foda akulozera tizidutswa tomwetomweto. Ndi zija ananena amayi za buku lonyowa.

Ndinayamba ndi chaching'ono. Ndinapempha a ku akaunti anditchulire fayilo iliyonse ya Excel imene akuifuna, ndinaitulutsa mu bakapu ya pa 21 Meyi. Kutsegula bakapuyo kunachedwerapo kusiyana ndi mmene tinazolowera pa disiki wamba, koma fayiloyo inabwera yathunthu.

Kenaka ndinayesa Instant Recovery pa seva ya SQL, kuiyatsa ili m'nkhokwe momwemo. Inayaka, koma inkayenda mwa ulesi woti munthu sangagulire mbewu. Seva yamoyo imawerenga apa ndi apo mosatsata ndondomeko, ndipo kuwerenga kulikonse kumafuna kuti makinawo akatole tizidutswa. Makina amenewa anapangidwira kulandira deta yambiri ndi kuisunga mothina. Tisamawadalire kuti angayendetse ntchito ya tsiku lonse maseva atafa.

Ndiye ndinabwezeretsa seva yonse, 520 GB, kuchokera mu synthetic full ya pa 25 Meyi, ija inamangidwa usiku wa jenereta. Ndinaipatsa dzina lina ndi kuichotsa pa netiweki kuti isalimbane ndi yeniyeni. Inatenga maola awiri ndi mphindi 10. Windows inayaka, SQL Server inayaka, DBCC CHECKDB, lamulo loyeza database, sinapeze cholakwa.

Zimenezo zinandikhutiritsa ine, koma ndinkafuna kuti akhutirenso eni ndalama. Ndinakatenga amayi a za chuma. Anabwera ndi buku la malisiti la ku Santhe, la mapepala a kaboni, m'mphepete muli fumbi la soya, anakhala pa mpando wanga m'chipinda chozizira chija atafunda chitenje m'mapewa. Anasankha okha tsiku, Lachisanu pa 17 Meyi. Anaika rula pansi pa mzere woyamba, iwo akuwerenga dzina la mlimi ndi makilogalamu, mnyamata uja akuyankha kuchokera pa sikirini. Pena kaboni inali yofufutika, ankaikweza ku babu kuti aione. Anatsika mzere ndi mzere mpaka masamba onse a tsikulo anatha, ndipo anawonkhetsa ndalama pa kakyuleta yawo. Zinafanana mpaka tambala. Anasankhanso Loweruka pa 25, tsiku lomaliza lenilenilo, kufuna kuona ngati malisiti a madzulo analowa. Lomaliza linali la 8:47 usiku, ndipo linalimo. Potseka bukulo anati: "Chabwino achimwene. Koma izi tizichita mwezi uliwonse, ndipo tsiku ndizisankha ine." Ndavomera, ndipo ndalemba pa kalendala.

Nambala ya maola awiri ndi mphindi 10 ndaiperekanso kwa abwana polemba. Seva ya SQL ikafa 10 koloko m'mawa, madepoti adzagwiritsa ntchito mabuku a pamanja mpaka masana. Ndi bwino adziwiretu lero, ndipo mabuku a malisiti asamasowe m'madepoti.

Lolemba, 3 Juni

Tinakambirana ndi mnzanga wa ku Lilongwe za active full. Iye akuti siikufunikanso, health check ndi yokwanira, ndipo makasitomala ake ambiri amayenda ndi synthetic full yokha. Sindikumutsutsa pa zimene waona. Health check imayerekeza zimene zili m'fayilo ya bakapu ndi zizindikiro zimene zinalembedwa pozisunga, ndiye imagwira deta imene yawonongeka m'nkhokwe. Koma sibwerera ku seva kukafunsa ngati zimene zinasungidwazo ndi zimene zinali kumeneko. Kuno magetsi amathima maseva ali pa ntchito, ndipo ine ndikufuna kuti kamodzi pa mwezi deta iziwerengedwa kuchokera ku gwero. Malo sikudya ambiri, poti zidutswa zake zilimo kale. Mtengo wake ndi maola 7 a usiku umodzi, kuyambira 10 koloko madepoti atatseka mpaka cha m'ma 5 koloko a ku akaunti asanafike.

Ndaika active full Loweruka loyamba la mwezi, pamodzi ndi chosankha choti Changed Block Tracking iziyambiranso mwatsopano pa tsikulo. Ikakumana tsiku limodzi ndi synthetic full, Veeam imachita active full yokha. Yoyamba igwa pa 6 Julayi, tsiku la ufulu wodzilamulira, madepoti adzakhala otseka. Health check ndaiika kamodzi pa mwezi, Lachinayi lachitatu, kutali ndi Loweruka komanso kutali ndi kuyeretsa kwa Lachiwiri, chifukwa nayonso imawerenga deta yambiri.

Chatsala ndi kope la kunja. Maseva ndi Data Domain zili m'chipinda chimodzi, pansi pa denga limodzi, ndipo moto kapena mbava zikhoza kutenga zonse usiku umodzi. Intaneti yathu singanyamule 3.8 TB kupita ku ofesi ya ku Lilongwe, ndipo Data Domain yachiwiri mu bajeti ya chaka chino mulibe. Tagula madisiki awiri a USB a 8 TB, ndapanga backup copy job yolembera mmenemo, ndipo imeneyi yokha ndaiyatsira encryption poti madisikiwo aziyenda pa msewu. Kiyi yake ili mu envelopu yomata m'sefa ya amayi a za chuma. Kukopa koyamba kwayamba masana ano ndipo kukuchedwa, monga ndinkayembekezera, poti deta yonse iyenera kutoleredwa. Galimoto yathu imapita ku Lilongwe pa M1 Lachisanu lililonse. Disiki yoyamba inyamuka pa 7 Juni, ndipo adalaivala ndawauza kale kuti iziyenda kutsogolo m'chikwama chake, osati kumbuyo ndi matumba.